Takhuta wa Luwiza

Bambo anga a Zuwawo tidawaika m'manda mwezi wathawu, opanda nsapato. Mkangano wake udadya m'mawa wonse. Mlongo wanga Bizeki adali atagula nsapato zakuda ku Bangula, n'kumati bambo ake sangakaonekere kwa Mulungu ngati munthu wopita kudimba. Ine ndidaima pakhomo pa siwa n'kumuuza kuti akangowaveka, adzakawavule yekha akayamba kum'bwerera kutulo. Adagonja, koma mpaka lero moni wake ngwapatali. Ndiwo bambo anga amenewo. Ali gone m'bokosi adapezabe njira yotiyambanitsa.

Pamwambo wa maliro abusa adati malemu adali munthu wofatsa ndi woleza mtima. Amayi tidali pamphasa tidangokodolana. Abusawo ngachilendo kuno, tiwakhululukire. Kuleza mtima kwa bambo kudali ndi eni ake awiri okha, ng'ombe ndi mdzukulu wawo Luwiza. Ena tonsefe amene Mulungu adatipatsa pakamwa polankhulira tidangodziwa lilime lawo, ndipo ine mwana wawo woyamba, Lozina, ndidalidziwa kuposa aliyense.

Kwathu kuno kwa Mlolo ankawatchula a Kapitawo, ngakhale ukapitawo sadaugwirepo pena paliponse. Dzinalo adalipeza chifukwa cha kulamula. Munthu akamadutsa atasenza mtolo wa bango, ankamuimitsa n'kumuuza kuti wamanga molakwika. Ankakonza kaimbidwe ka kwaya ali pabenchi ya kumbuyo, kawambidwe ka mlamba ali panja pa khitchini, ngakhale kasokedwe kanga, chonsecho singano sadaigwirepo chibadwire. Ntchito yawo yeniyeni idali yophunzitsa ng'ombe goli. Anthu ankabweretsa ng'ombe zawo, ena kuchokera kutsidya kwa Shire, kuti zidziwe kukoka ngolo ndi pulawo, ndipo pafupifupi onse ankayamba akwiya kaye asadathokoze. Chikwapu bambo sankachifuna m'khola mwawo. Tsiku loyamba ankangoika chingwe pakhosi pa ng'ombe, n'kuchichotsa, n'kuinyambititsa mchere. Mawa lake chimodzimodzi. Mwini ng'ombe akayamba kudandaula kuti mvula yayandikira ndipo munda wa thonje ukudikira, ankamuuza kuti asenze yekha golilo, popeza iye ndiye akuoneka kuti wamva msanga. Ankakonda kunena kuti ng'ombe sikana ntchito, imangokana kufunsidwa zinthu zambiri nthawi imodzi.

Luwiza ndi mwana wa Bizeki. Bambo ake ankadula nzimbe ku esiteti n'kumabwera pakutha pa mwezi, choncho mwanayo adakulira pakhomo pathu ndi mayi ake, mlamu wanga Zuwana. Ali wamng'ono anthu ankamuyamikira. Sankayang'ana munthu kumaso, maso ake adali pansi nthawi zonse, ndipo amayi a kumpingo ankati mwana waulemu chotere sadamuonepo. Tidanyadira ulemuwo mpaka anzake obadwa nawo chaka chimodzi adayamba kutukwanizana pachitsime, iye asadatchule n'komwe kuti mayi. Mawu atabwera, adabwera a eni ake. Ukamufunsa kuti ukufuna madzi, nayenso ankati ukufuna madzi, ndi liwu lako lomwelo, ngakhale katsokomola kako. Ankandanda zitsekerero za mabotolo kuyambira pakhonde mpaka pankhokwe, ndipo nkhuku ikasuntha chimodzi kunkakhala kulira kwa tsiku lonse. Sitima ikalira ku Makhanga ankatseka makutu n'kudziluma padzanja. Choopsa kwambiri chidali kuthamanga. Ukangotembenuka, uyo waliyatsa kulowera kumtsinje, ndipo kumtsinje kwathu ng'ona sizifunsa kuti mwanayu ngwa yani.

Odziwa sadasowe pamudzi. Ena adati Zuwana adadya choletsedwa ali woyembekezera. Ambiri adati a Kapitawo adam'khwimira mdzukulu wawo, adam'sandutsa ndondocha kuti ng'ombe ziziwamvera. Nanga munthu angaphunzitse bwanji ng'ombe popanda chikwapu ngati palibe chimene akudalira? Zuwana adayenda naye kwa asing'anga mpaka kutsidya kwa malire, mwana adatemedwa mphini thupi lonse, adapemphereredwa mpaka opempherawo kusasa mawu. Adabwerako ali Luwiza yemweyo. Pomaliza mayi ake adachita zimene amayi ambiri ankachita masiku amenewo. Popita kudimba ankam'manga mwendo patsinde pa mtengo wa nimu wa pabwalo, n'kum'siyira madzi m'chikho. Mlamu wanga sindimuweruza. Dimba silidikira munthu, ndipo mwana womangidwa madzulo umam'peza wamoyo.

Bambo adazidziwa mochedwa chifukwa ankalawira kubusa n'kubwerako Zuwana atam'masula kale. Tsiku lina adabwera masana kudzatenga mchere. Ine ndidali pakhonde ndi makina anga osokera, poti nthawi imeneyo ndidali nditabwerako ku ukwati umene suli m'nkhani ino. Adaima pabwalo, adayang'ana mwendo wa mwana, adayang'ana chingwe. Chidali chawo, cha m'khola. Adafunsa m'Chisena cha makolo awo kuti wachita zimenezi ndani.

"Mbani wamanga mwana uyu ndi chingwe changa?"

"Baba, mwanayu amathamangira kumadzi," ndidawayankha. "Mukufuna tizimuika m'thumba?"

"Thole langa sindilimanga tero," adatero uku akumasula mfundo. "Kuyambira mangwana ali m'manja mwanga. Wina asadzam'gwirenso mwendo."

Mangwanawo, ndiko kuti mawa lake, sukulu idatsegulidwa, ndipo mtendere pakhomo pathu udathera pomwepo. Adatenga goli lakale long'aluka, adalisanja pamiyala iwiri pansi pa nimu yemwe uja, ndiwo udali mpando wa aphunzitsi. Adafukula jekete lawo la ukwati n'kudzaza masau ouma m'matumba, poti masau ndiwo chinthu chokhacho Luwiza ankachifuna ndi mtima wonse. Jeketelo ankalivala ngakhale mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Phunziro loyamba lidali kungokhala pamphasa pafupi ndi goli. Mwana akangogunditsa thako pansi, sau lili kale m'dzanja. Kenako kukhala pang'ono. Kenako kubwera akaitanidwa. Za kumtsinje adazithetsa poyenda naye njira yomweyo tsiku ndi tsiku mpaka pamgwalangwa wina umene uli kataliko ndi gombe. Akafika pamenepo ankaima, n'kum'patsa sau, n'kubwerera. Patapita miyezi, Luwiza akathawa tinkam'peza ataima pamgwalangwapo, dzanja lili tambasu, akudikira malipiro ake.

Zidagwira, sindikana. Koma mudzandifunse mtengo wake. Pakhomo padabwera malamulo oposa a boma. Osakuwa. Osasuntha goli. Osasesa pamene pali mzere wa zitsekerero, ngakhale alendo akubwera. Osam'patsa sau laulere. Tsiku lina Zuwana adam'patsa masau odzadza dzanja kuti asiye kulira, ndipo bambo adalalata mpaka nkhuku kuthawira kwa aneba, amvekere mwamuphunzitsa kuti kulira kuli ndi malipiro. Mkulu wa mpingo wathu atabwera kudzawadzudzula kuti mwana wa munthu, wobatizidwa, saphunzitsidwa ngati ng'ombe, bambo adamufunsa kuti nanga muja ankamangidwa ngati ng'ombe mkuluyo adali kuti, poti njira ya kutchalitchi imadutsa pomwepa. Adakhala chaka osapatsana moni.

Si zonse zimene adapambana, ngakhale iwo sakadavomera. Luwiza akasangalala ankakupiza manja m'mbali mwa nkhope. Bambo adati zimenezo ndizo zikuchititsa anthu kum'tcha ndondocha, ndipo adayamba kum'gwira manja kuti aleke. Mwana adasiya kubwera pagoli, adakana ngakhale masau, adayambanso kudziluma. Tidawauza tonse kuti am'leke, adatinyoza tonse. Kenako m'mawa wina adangosiya okha, n'kulengeza kuti aganiza mozama ndipo aona kuti manja ndi ake. Kuti atchule kuti Lozina udanena zoona, ayi, pakamwa pawo padalibe malo a mawu otero.

Ntchito yaikulu idali ya liwu limodzi. Makolo a bambo adachokera kutsidya, cha ku Mutarara, ndipo pakhomo pathu Chisena ndi Chimang'anja zinkadyera mbale imodzi. M'Chisena munthu akalandira kanthu amati takhuta, ndiko kuthokoza kwathu. Bambo adalimbikira kuti Luwiza adziwe liwu limeneli ngakhale ena onse am'kanike. Ankati iwo adzafa, Bizeki adzafa, ndipo mwanayu adzadya za m'manja mwa anthu ena moyo wake wonse. Munthu amene wam'patsa chakudya n'kungoyang'aniridwa kumapazi sadzabweranso kachiwiri, koma akamva takhuta adzabwera. Ankati chingwe chidzabwerera pamwendo pake tsiku limene anthu adzatope naye, ndiye tiyenera kum'patsa kanthu koti anthu asatope.

Vuto lidali loti ukamuuza kuti nena takhuta, nayenso ankati nena takhuta. Choncho liwu loti nena lidaletsedwa pakhomo, ndipo padafunika munthu woonetsa chitsanzo. Munthuyo ndidali ine. Mayi wamkulu ndithu, makasitomala ali pakhonde kudikira madiresi awo, ine ndili chogwada pafumbi kulandira chitsekerero cha botolo ndi manja awiri, n'kumati takhuta, bambo n'kundiponyera sau m'dzanja mwana akuona. Sukulu ikatha ankandilanda saulo, amvekere masau ndi a ophunzira. Ikafika nthawi ya Luwiza, ankamuika chitsekerero m'manja n'kukhala chete. Chete wake ankatalika. Ndikangoti nditsegule pakamwa kuti ndim'thandize, ankatsokomola kamodzi n'kunena osandiyang'ana n'komwe:

"Dikhira, Lozina. Leka kuchimbiza."

Ndiye kuti ndidikire, ndisapupulume. Mawu amenewa ndidawamva kochuluka kuposa dzina la Mulungu. Mvula idagwa, idatha, idagwanso, ndipo liwu lija lidatuluka. Koma lidatulukira bambo okha, pagoli pokha. Ine ndikam'patsa chinthu, zii. Mayi ake akam'patsa phala, zii. Bambo zimenezi zinkawasowetsa mtendere, ankati liwulo likadali lomangirira pamtengo ngati mwini wake kale.

Tsopano ndinene za tsiku la msonkhano, pakuti nkhani ya nsapato idayambira pamenepo. Nthawi imeneyo chipani chidali chimodzi, ndipo khadi lake ndilo lidali khomo lolowera pamsika, m'sitima, ngakhale kuchigayo. Kudamveka kuti kukubwera bwana wamkulu wa chipani wochokera kumtunda. Anyamata a malaya ofiira adayenda khomo ndi khomo kunena kuti pasapezeke wotsala m'nyumba, kaya wakhungu kaya wa m'chikuta. Bambo adapita kwa tcheyamani wa m'dera lathu, a Semba, Msena mnzawo komanso mnansi wathu, kukapempha kuti Luwiza atsale poti ng'oma ndi zimkuzamawu sangazipirire. Tsoka lake awiriwa adali ndi mlandu wakale wa ng'ombe imene idadya mapira a a Semba, mlandu umene bambo adaumaliza pouza mwini munda kuti mpanda wake ndiwo udali wopusa. A Semba adati lamulo ndi lamulo.

Bambo adabwerako n'kuyamba kukonzekera ngati kukubwera nkhondo. Ndani adapatsidwa chidebe kuti azichimenya kuseri kwa nkhokwe? Ine. Poyamba patali, mawa lake pafupiko, kenako kuwonjezapo nthungululu, ndekhandekha masana dzuwa lili pamutu, anthu odutsa n'kumagwedeza mitu kuti misala ya pakhomo paja yayamba kugwira akuluakulu. Luwiza akapirira phokoso osathawa, sau. Tsiku la msonkhano adam'tseka makutu ndi thonje la m'munda mwathu, adam'patsa zitsekerero zake m'kansalu, ndipo tidakhala kumapeto kwa mzere, iye pakati pa ine ndi agogo ake. Ng'oma zidalira, amayi adavina, zolankhula zidatalika, mwana ali phee kundanda zitsekerero pamchenga. Ndidayamba kuganiza kuti tapulumuka.

Bwana uja atatha kulankhula adatsika pansanja ndi mpukutu wa makhadi, kuti aonetse kuti ngakhale ana ayenera kukhala nalo lawolawo. Adayenda m'mizere akugawira ana, makolo n'kumasula mfundo za nsalu zawo kuti alipire. Atafika pa ife adaima.

"Taonani mwana uyu," adauza anthu. "Maso pansi. Ulemu umene timafuna ndi umenewu."

Adawerama n'kumuika khadi m'manja. Bambo adandigwira mkono mwamphamvu, ndipo ndidadziwa tanthauzo lake. Tidadikira. Bwana adadikira nafe osadziwa chimene akudikira. Luwiza adayang'ana khadi, adayang'ana nsapato zonyezimira zili patsogolo pake, ndipo adanena momveka bwino, ndi liwu lalikulu la agogo ake:

"Takhuta."

Kadali koyamba kuuza munthu wina, kutali ndi goli, popanda wom'kumbutsa. Bambo anga, munthu amene sadandiyamikirepo chibadwire changa, adadzuka ngati mnyamata, adaomba m'manja, adafuula kuti pyadidi, pyadidi, ndiko kunena kuti zabwino, n'kukhuthulira masau m'manja mwa mwana pamwamba pa khadi lomwelo. Lamulo lawo lidali loti malipiro asachedwe, ndipo sakadaliphwanya chifukwa cha bwana.

Koma bwanayo adali wa kumtunda. Kwawo kukhuta n'kwa m'mimba, ndipo wokhuta ndi amene sakufunanso. Iye adaona mwana akulandira khadi la chipani n'kunena kuti takhuta, nkhalamba n'kuvina ndi chimwemwe.

"Mwakhuta?" adafunsa, nkhope itasintha. "Mwakhuta makhadi?"

"Mwakhuta makhadi?" adabweza Luwiza, ndi liwu la bwana lomwelo, osaphonya pena paliponse. Kumbuyo wina adalephera kudzigwira, adaseka n'kusandutsa chifuwa.

"Madala, ndani wam'phunzitsa zimenezi mwanayu?"

Apa munthu wanzeru akadagwada n'kufotokoza. Bambo anga adatukula chifuwa.

"Ine, bwana. Ndekha. Mvula ziwiri ndakhala naye, tsiku na tsiku. Enawa ankati sizingatheke."

Ndidayesa kulankhula, mnyamata wa malaya ofiira adandiloza ndi ndodo kuti ndikhale pansi. Pabwalo lonse lija, anthu ambirimbiri amene amati takhuta m'mawa, masana ndi madzulo, padalibe ndi mmodzi yemwe amene adakumbukira tanthauzo lake. Bwana adatembenukira kwa a Semba n'kufunsa ngati akum'dziwa mkuluyu. A Semba adayang'ana pansi, adati amam'dziwa, koma zimene amaphunzitsana pakhomo pakepo iwo sazitsata. Bwana adayamba kukalipa, ndipo bambo adakweza dzanja monga ankachitira ndi eni ng'ombe.

"Dikirani pang'ono, bwana, mwana akutafuna. Mukakalipa pano ayesa walakwa, ntchito yanga yonse igwa."

Adawakweza m'galimoto jekete lili pathupi. Chomaliza chimene ndidamva akunena sichidali choti tisamale ng'ombe kapena tiuze abale. Adandikuwira kuti ndisam'patse masau aulere.

Adakhala m'manja mwa boma ku Nsanje kuyambira mvula yoyamba mpaka madzi atasefukira. Chaka chimenecho mtsinje wa Ruo udakwiya, madzi adadzaza madimba n'kukwera mpaka mgwalangwa uja udaima pakati pa nyanja. Luwiza sankadziwa za madzi, ankadziwa za mgwalangwa. Agogo ake atasowa pagoli ankathamangira komweko kukawadikira, ndipo tsiku lina msodzi adam'vuula madzi ali m'khosi. Bizeki atabwera adatenga chingwe m'khola n'kum'manga pa nimu. Ine ndidagwira mwendo. Ndinene pano, poti bambo sadandipatsepo mpata wonena: tikadatani? Munthu mmodzi adadzipangira sukulu yoti mphunzitsi ndi iye yekha, n'kukadzitsekeretsa chifukwa chosadziwa kutseka pakamwa, ife n'kutsala ndi mwana ndi chigumula.

Bambo adabwerako atametedwa mpala, mapazi atatupa, akuyenda chotsimphina kuchokera kusiteshoni. Akuti kuboma kudapezeka apolisi a kuno kwathu amene adafotokozera akuluakulu awo kuti takhuta ndi zikomo. Ine ndimakhulupirira kuti adangotopa nawo. Za kumeneko sadatiuzepo kanthu, kupatula kuti chitseko cha chipinda chimene ankagonamo adachikhoma mopotoka. Atalowa pabwalo sadapereke moni. Adapita pa nimu, adamasula mwana, ndipo chingwecho adachidula tizidutswatizidutswa ndi chikwanje, munthu amene ankatola ngakhale kaluzi pamsewu. Kenako adakhala pagoli, adaika chitsekerero m'manja mwa Luwiza, adadikira. Tidadikira tonse mpaka mthunzi udasuntha. Liwu lija lidali litapita, pamodzi ndi ena onse. Ndidaona bambo akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, ndipo ndidamva chisoni chimene sindidachimvepo. Chisonicho sichidakhalitse, chifukwa mwezi wonse wotsatira sadatilankhule. Akafuna kutiuza kanthu ankauza ng'ombe mokweza, amvekere pakhomo pano pali anthu amene Mulungu adawapatsa manja awiri ndi mutu wongonyamulira mtsuko.

Adayambiranso poyambirira penipeni, kukhala pamphasa, sau, kubwera akaitanidwa, sau. Liwu litayamba kubwerera, Bizeki adaitanitsa bwalo la pabanja n'kunena kuti mwana wake aphunzitsidwe zikomo, takhuta watikwana. Bambo adati chimene adabzala movutika chotero sangachizule chifukwa cha munthu mmodzi wosamva chilankhulo. Bizeki adati ndiye tsiku lina adzatitengetsa tonse. Adakangana mpaka Zuwana kulira. Patapita masiku bambo adandiitana, adandiponyera jombo za Bizeki za ku esiteti, adati ndivale.

Adali ataona chimene tonsefe tinkachiona osachiganizira. Luwiza nkhope za anthu sazidziwa bwino, amadziwa mapazi. Ndiye lamulo latsopano lidali lakuti wovala nsapato ndi wa zikomo, wopanda nsapato ndi wa takhuta. Masiku amenewo kuno kwathu nsapato zidali za mabwana, aphunzitsi ndi alendo a kumtunda, choncho malirewo adagwera pamalo pake. Ine ndiye ndidavutika nazo. Vala jombo, m'patse chitsekerero, zikomo. Vula jombo, m'patse chitsekerero, takhuta. Vala, vula, vala, vula, m'kutentha kuja, jombo za mwamuna zonunkha nzimbe zoola. Patapata atachuluka padabukanso mlandu, ndipo bambo adagamula kuti zala zikamaoneka munthuyo ngwathu.

Kuyambira pamenepo iwo sadavalenso nsapato. Adali nazo zabwino ndithu, adazipachika kudenga mpaka mphemvu zidamangamo mudzi. Kutchalitchi, kumaukwati, kuchipatala, pamchenga wotentha woti nkhuku imadumphadumpha, iwo chapansi. Sadafune kuti tsiku lina mdzukulu wawo awayang'ane kumapazi n'kuwauza zikomo ngati mlendo. Ine nditagula nsapato zanga zoyamba za chidendene, Luwiza adandiuza zikomo sabata yonse, ndipo zidandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera. A Semba nawo adabwera tsiku lina chipani chija chitatha mphamvu, chapansi, ndi mango m'manja, n'kupatsa Luwiza limodzi. Iye adati takhuta. Bambo adauza ng'ombe kuti n'zodabwitsa, liwu limene lidavuta tcheyamani pamsonkhano lero walimva popanda womasulira. Ndiko kudali kukhululukirana kwawo.

Dzina la vuto la Luwiza tidalimva iye ali kale mayi wamkulu. Namwino wina wachitsikana amene ankabwera ndi sikelo ya ana pamudzi adam'yang'anitsitsa, adatifunsa mafunso, n'kutiuza kuti ku sukulu kwawo amati otizimu, kuti ana otere amabadwa m'mitundu yonse, ndipo amathandizidwa powaphunzitsa kanthu kamodzikamodzi n'kumawayamikira pompopompo. Ine ndidakondwa, ndidakalengeza pamjigo kuti onse a ndondocha aja amve. Bambo adangofunsa ngati dzinalo labwera ndi mankhwala. Atamva kuti ayi, adauza namwinoyo kuti sikelo yake wamangirira pa nthambi yolakwika.

Zaka zomalizira maso adachita khungu, manja adayamba kunjenjemera, ndipo sukulu idatembenuka. Luwiza ndiye ankatola masau, kuwayanika, n'kubwera nawo pagoli m'mawa uliwonse. Ankaika limodzi m'dzanja la agogo ake n'kudikira, maso ali pa mapazi awo. Iwo ankachedwa dala, kenako n'kunena kuti takhuta, iye n'kukupiza manja.

Titabwerako kumanda Bizeki adafunsa, monga mwini mwana, kuti nanga Luwiza titani naye tsopano, poti iye ndi Zuwana akalamba ndipo ine maso ayamba kuvuta. Asadamalize, mkazi wa malemu a Semba adati Lachiwiri ndi Lachisanu Luwiza amadya kwawo kale. Wina adati amam'thandiza kupepeta kuchigayo ndipo sadzam'siya. Wina adati kwawo amakatunga madzi. Ndidazindikira kuti Luwiza, amene tsopano ali ndi imvi zake, ali ndi makomo ambiri pamudzi pano kuposa ine. Za chingwe palibe adatchula. Bambo adanena zoona, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sali pano kuti andimve ndikuvomera.

Goli likadali pamiyala yake pansi pa nimu, losalala pakati pamene ankakhala. Jekete tidalipachika pa nthambi poti Luwiza adakana kuti lilowe m'nyumba. Patsogolo pa goli pali timaenje tiwiri m'dothi, pamene zidendene zawo zidakumba zaka zonsezi, ndipo tsache silifikapo. M'mawa uliwonse amabwera, amaika sau limodzi pagoli, amagwada, n'kuyang'ana timaenje tija. Masau aunjikana, nyerere zapeza njira. Dzulo ndidali pakhonde ndikumuona akudikira, dzuwa likukwera, iye osasuntha. Mtima udandikanika. Ndidavula patapata, ndidapita kukaima pambali pake, ndidati takhuta.

Sadatembenuke. Adatsokomola kamodzi, katsokomola kaja, ndipo liwu lidatuluka lonse lathunthu, lalikulu, lotopa nane monga kale:

"Dikhira, Lozina. Leka kuchimbiza."

Ndidakhala pansi pafumbi pomwepo, pafupi ndi timaenje tiwiri tija, ndipo ndidadikira.